Ahedi a m'tsinde mwa Michesi: mlandu ndi wawo, mphamvu zili kwina

Uhedi wa sukulu ya pulayimale umabwera pa kalata ya tsamba limodzi. Kalatayo imachokera ku ofesi ya maphunziro ya m'boma, imadzera kwa a PEA, alangizi a sukulu za m'deralo, ndipo imangonena kuti kuyambira tsiku lakutilakuti mwapatsidwa udindo woyang'anira sukulu yakutiyakuti. Munthu amene dzulo ankaphunzitsa masamu mu Sitandade 7, n'kumadandaula limodzi ndi anzake pansi pa mtengo wa mango za kuchedwa kwa malipiro, lero akulandira makiyi a ofesi, chidindo, mabuku a ndalama ndi ana chikwi kapena kuposerapo. Anzake aja amuyamikira, kenaka ayamba kutsitsa mawu akamuona akubwera.

Kuno m'tsinde mwa Michesi, m'boma la Phalombe, kalata yotereyi imalemera. Phirili laima palokha kumpoto chakum'mawa kwa phiri la Mulanje, ndipo pakati pa awiriwa pali mpata wa Fort Lister, pamene Angerezi anamanga linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Midzi yazungulira phiri lonse, kuyambira paboma, ku Migowi, ku Chiringa mpaka ku Nkhulambe chakumalire ndi Mozambique. Phalombe linapatuka ku Mulanje mu 1998, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 429,450 m'bomali. M'mawa uliwonse tinjira ta m'minda ya nandolo ndi mpendadzuwa timadzaza ndi ana, ena atanyamula makapu a phala, ena masache osesera, onse akulowera kumene kuli mbendera.

Tikamakamba za maphunziro m'dziko muno timakonda kuwerenga zipinda, madesiki ndi mabuku. N'zofunika, palibe akukana. Koma amene wayendako m'sukulu zakumudzi akudziwa kuti sukulu ziwiri zoyandikana, zosauka mofanana, zimatha kusiyana kutalitali. Kwina pofika 7:30 ana ali m'kalasi ndipo mawu a mphunzitsi akumveka. Kwinaku nthawi yomweyo ana akuthamangitsana pabwalo, aphunzitsi akuothera dzuwa. Kusiyanako kumayambira mu ofesi ya ahedi. Chodabwitsa n'chakuti munthu wa mu ofesimo tinamusenzetsa mlandu wonse, koma mphamvu zoyendetsera ntchitoyo tinazisiya kwina.

Mzere wofiira

Patebulo la pakhomo pa ofesi pamakhala taimu buku. Ndi buku lachikuto cholimba, m'mphepete mwake munada ndi manja, cholembera chake chomangirira ndi ulusi kuti chisayende. Mphunzitsi aliyense akafika amalemba dzina, nthawi, n'kusayina. Belu likalira, lomwe m'sukulu zambiri ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika mumtengo, ahedi kapena achiwiri awo amajambula mzere wofiira pansi pa dzina lomaliza. Wobwera pambuyo amasayina pansi pa mzerewo. Mukavundukula masamba mumaona zoseketsa: anthu asanu otsatizana onse anafika 7:00 ndendende, ndipo mayina awiri analembedwa ndi dzanja limodzi.

Mzere umenewu ndiwo pafupifupi mphamvu zonse za ahedi. Sangalembe munthu ntchito, sangamuchotse, sangamukweze, sangamudule malipiro. Zimenezi zili m'manja mwa akuluakulu ena, kutali ndi Michesi. Chimene angathe ndi kuitanira munthu pambali n'kumulangiza, kumulembera kalata yochenjeza, ndipo zikakanika kutumiza lipoti kwa a PEA. Lipoti likayenda bwino, yankho lake kawirikawiri limakhala kusamutsa. Vuto lachoka pano, lakagwera ahedi ena kuseri kwa phiri.

Ndiye kumbukirani kuti amene akulemberedwa lipotiyo ndi woyandikana nawo nyumba. Amatunga pa mjigo umodzi, mwina amapemphera tchalitchi chimodzi, akazi awo ali m'banki m'khonde imodzi. Mwana wa ahedi akadwala usiku, njinga yopitira kuchipatala ndi ya mphunzitsi yemwe uja anasayina pansi pa mzere. Pamwamba pa izi, ahedi ambiri ali pa giredi yofanana ndi anthu amene akuwatsogolera, ena kumene ali pansi pawo, chifukwa udindowu umabwera pawokha, kukwezedwa n'kumatsalira m'mbuyo kwa zaka. Mutu ukakula sulewa nkhonya, anatero akuluakulu, koma apa mutu unakula m'dzina lokha, nkhonya zokha ndiye zenizeni.

Kumene zinachokera

Kuti timvetse bwino tiyenera kubwerera ku 1994. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Boma linalemba aphunzitsi pafupifupi 22,000 mwachangu, ndipo ambiri mwa iwo anali asanapondeko ku koleji. Anawaphunzitsa kwa masabata ochepa n'kuwapatsa choko. Pambuyo pake kunabwera pulogalamu ya MIITEP yowaphunzitsa ali pantchito, kenaka IPTE kuyambira 2005, ndi ODL yophunzira uli kutali. Sukulu zinagawidwa m'mazoni, zoni iliyonse ndi TDC yake, malo ophunzirira aphunzitsi, ndi PEA wake. Lero m'boma lomweli muli Phalombe TTC, yomwe imatulutsa aphunzitsi atsopano.

Khama lonseli linapita pa kupeza munthu woima patsogolo pa kalasi. Za munthu wotsogolera aphunzitsiwo tinaziganizira mochedwa. Sukulu zatsopano zinkatsegulidwa, ndipo aliyense wooneka wodekha kapena wokhalitsa ankapatsidwa makiyi. Achinyamata a 1994 aja, ambiri ndiwo anadzakhala ahedi, ndipo tsopano akupuma pantchito mmodzimmodzi. Ena anachita zodabwitsa ndi nzeru zobadwa nazo. Koma dziko silingamadalire mwayi woti sukulu yakuti inagwera munthu wabwino.

Lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana aliyense azipita kusukulu ya pulayimale mokakamizidwa. Ndondomeko za boma zakhala zikunena kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60. Pitani mu Sitandade 1 kumudzi mukawerenge nokha.

Kumapeto kwa mwezi

"Ahedi, ndipemphe nawo, ndikaone ku banki." Mawu awa amamveka m'sukulu iliyonse yakumudzi mwezi ukamatha. Ahedi angakane bwanji, poti nawonso akudikira uthenga womwewo pafoni? Ulendo wake ndi wa kabaza kenaka minibasi, ndipo tsiku lathera pomwepo. Ngati malipiro sanalowe, mawa abwereranso. Ahedi anzeru amakonzeratu: theka lipite lero, theka mawa, otsala agawane makalasi. Osakonza amangodzuka n'kupeza sukulu yatsala ndi anthu atatu.

Ndalama ikalowa imapeza eni ake akudikira kale. Makampani obwereketsa ndalama amadula zawo malipiro asanafike m'manja, wakatapila ali pakhomo, wagolosale ali ndi kabuku kake. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya sopo, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera osayang'ana kuti wogulayo ndi mphunzitsi. Alawansi ya kumudzi, yomwe inayamba pa K5,000 mu 2010 n'kudzafika pa K10,000, inali yoti izikopa anthu kukhala kumadera ovuta kufikako. Mphamvu yake inatha ndi kukwera kwa mitengo. Nyumba za aphunzitsi n'zochepa, choncho ambiri amachita lendi pa malo a malonda n'kumapalasa njinga mtunda wautali. Nthawi yadzinja mtsinje ukadzaza, sukulu ya kutsidya imadikira madzi aphwe.

N'chifukwa chake mphunzitsi amakhalanso mlimi ndi wageni. Ali ndi kadimba kake, amagula nandolo nthawi yokolola n'kusunga, mwina ali ndi njinga yamoto imene mnyamata wina akuyendetsa. Ine sindimuweruza. Koma ntchito ya ahedi ndi kuona kuti dimbalo lisadye nthawi ya ana, ndipo ayenera kunena zimenezi kwa munthu amene akudziwa bwino kuti kunyumba kwake ufa watha.

Sitalaka ikabwera zinthu zimafika povuta zedi. Bungwe la Teachers Union of Malawi linaimitsa ntchito mu 2017 pa nkhani ya ndalama za tchuthi, komanso mu 2021 pofuna alawansi ya chiopsezo cha Covid-19. Masiku otere ahedi amakhala pakati. Ndi mphunzitsi, madandaulo ndi awonso. Koma foni yochokera kuboma yofunsa kuti afika angati imalira m'thumba mwawo, ndipo makolo akabwera kudzakalipa amagogoda pa chitseko chawo.

Komiti, mafumu ndi tsiku la msika

Khoma la mu ofesi ya ahedi limafotokoza zambiri. Pamatidwa mapepala akuluakulu olembedwa ndi maka: chiwerengero cha anyamata ndi atsikana kalasi iliyonse, mayina a aphunzitsi ndi magiredi awo, a komiti ya sukulu, a PTA, amayi a mother group, ndandanda ya ogwira dyute sabata iliyonse, zotsatira za mayeso a PSLCE za zaka zingapo. Pakona pali makatoni a mabuku, thumba la ufa wa phala, mpira wophwa ndi khasu. Pepala limene alendo amaliyang'ana kwambiri ndi la ndalama za SIG, zimene boma limatumiza kusukulu iliyonse kuti ikonzere zofunika zake mogwirizana ndi makolo.

Ndalamazi n'zochepa ndipo zimachedwa, koma zimadanitsa. Mudzi ukangomva kuti zalowa, malata atsopano pa nyumba ya ahedi amasanduka nkhani. Ena anadyadi, tisabise. Koma ambiri amagwa chifukwa chosadziwa kusunga malisiti, poti palibe anawaphunzitsa. Mankhwala ake ndi osavuta: kumata pakhoma panja kuti zalowa zingati, zagula chiyani, zatsala zingati, komanso kulola komiti kugwira ntchito yake m'malo moisandutsa yongosayina. Ahedi amene amachita zimenezi amagona tulo.

Kunja kwa mpanda kuli ntchito ina imene sinalembedwe m'kalata ija. Tsiku la msika makalasi akuluakulu amachepa, ana apita kukagulitsa kapena kukasenza katundu. Nyengo yokolola nandolo n'chimodzimodzi. Anyamata ena amakopeka ndi usodzi ku nyanja ya Chilwa, ena amawoloka malire kukagwira ganyu ku Mozambique. Zinamwali zikachedwa kutuluka, teremu yoyamba imayamba ndi mipata. Mtsikana wa Sitandade 6 akasowa masabata awiri, amayi a mother group ndiwo amayamba kumva kuti kwabwera mwamuna. Malamulo a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti ukwati uziyambira zaka 18, ndipo kuyambira 1993 mtsikana wobereka amaloledwa kubwerera kusukulu. Koma lamulo silidziyendera lokha kupita kumudzi. Amayenda ndi ahedi, amayi aja ndi a mfumu. Ndipo kuno kwa Alhomwe, kumene mbumba ili m'manja mwa malume, ahedi ozindikira sathera pa bambo ndi mayi okha. Amafunsa kuti mwinimbumba ndani, chifukwa mawu omaliza ali kumeneko.

Napolo akadutsa

Anthu a m'tsinde mwa Michesi saiwala 10 Malichi 1991. Mvula itagwa mosalekeza, phiri linagumuka, madzi, miyala ndi mitengo zinatsika n'kukokolola midzi, ndipo anthu pafupifupi 500 anafa. Miyala ikuluikulu imene inatsika nthawi imeneyo ikadali m'minda. Patapita zaka 32, m'mwezi womwewo, namondwe wa Freddy anabweretsa zomwezo. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, oposa 600,000 anasowa pokhala, ndipo dera la Nkhulambe linali limodzi mwa madera amene anavutika koposa. Pakati pa ngozi ziwirizi panadutsanso madzi osefukira a 2015, Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022.

Madzi akalowa m'mudzi anthu amathawira kusukulu, poti ndi pamene pali makoma a njerwa zootcha ndi denga la malata. Usiku umodzi wokha ahedi amasanduka woyang'anira msasa. Atsegule makalasi, agawe kuti amayi ndi ana agone uku abambo uko, alembe mayina, ateteze mabuku kuti asasanduke nkhuni kapena pogonera, aone za zimbudzi zimene zinakumbidwira ana koma tsopano zikulandira mudzi wonse. Galimoto ya chithandizo ikafika, oyamba kufunsidwa ndi iwo. Ufa ukachepa, oyamba kunenedwa ndi iwonso. Mu 2023 boma linaimitsa maphunziro m'maboma akummwera kwa masabata angapo, ndipo litalengeza kuti sukulu zitsegulidwe, ahedi ndiwo anayenera kuuza anthu opanda nyumba kuti apereke malo kwa ana. Pambuyo pake panali kutsegula rejista n'kuitana mayina, podziwa kuti ena sadzayankhanso.

Palibe koleji imene inawakonzekeretsa zimenezi. Ku Phalombe, kumene ngozi zotere zimabwerezabwereza, n'zosamveka kuti munthu azipatsidwa sukulu asanaphunzitsidweko kalikonse za kasamalidwe ka msasa kapena kuthandiza ana amene aona zoopsa.

Sitandade 1 mwaikako ndani?

Mukafuna kudziwa mtima wa ahedi, musayang'ane maluwa a pakhomo pa ofesi. Funsani m'mene agawira aphunzitsi. Mbiri ya sukulu imayezedwa ndi mayeso a MANEB a Sitandade 8: akhoza angati, asankhidwa angati kupita ku sekondale za boma, angati ku CDSS. Choncho aphunzitsi akhama amaunjikidwa kumtunda. Sitandade 8 ya ana 50 imakhala ndi aphunzitsi atatu kapena anayi ogawana maphunziro, aliyense akaphunzitsa phunziro lake n'kukakhala pansi pa mtengo. Sitandade 1 ya ana oposa 100 ili ndi madamu mmodzi, kuyambira belu loyamba mpaka kuweruka.

Lowanimo muone. Ana akhala pansi mothithikana mpaka mawondo a kutsogolo akugunda khoma la bolodi. Madamu alibe podutsa, amayenda chammbali ngati akuwoloka pa mlatho wa mtengo umodzi. Akuimbitsa nyimbo ya malembo, ana akuyankha mwamphamvu, ndipo ukamvera panja umati zikuyenda. Koma kumbuyo kuli kamnyamata kagwira buku chadodolido, pakamwa pakuyenda bwinobwino. Kakhoza kumaliza chaka osadziwika, n'kubwereza, n'kubwerezanso, kenaka n'kusiya.

Kafukufuku wa MICS wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti mwa ana 100 aliwonse a zaka 7 mpaka 14 m'Malawi, pafupifupi 19 okha ndiwo ankatha kuwerenga ndi kumva zimene awerenga pa mlingo woyambira. Boma linayambitsa National Reading Programme mu 2016 pofuna kuthana ndi vutoli, mabuku anabwera, aphunzitsi anaphunzitsidwa. Koma pulogalamu singasinthe kagawidwe ka aphunzitsi pasukulu. Amene angasinthe ndi ahedi, ndipo apa pokha mphamvu ali nazo zonse. Safunika chilolezo cha ku Lilongwe kuti achotse mphunzitsi mmodzi ku Sitandade 8 n'kumuika ku Sitandade 1. Chimene chimafunika ndi kulimba mtima, chifukwa pakati pa aphunzitsi kutsitsidwa ku makalasi aang'ono kumaoneka ngati chilango, ndipo abambo ambiri amati kumeneko n'kwa azimayi. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo atiwonongera ana ambiri.

Ahedi abwino amene ndawaonapo amafanana pa zinthu zochepa. Amafika m'mawa kuposa aliyense, choncho mzere wofiira uja suchita kufuna mawu ambiri. Ali ndi kalasi yawo imene amaphunzitsa, ndipo masikimu ndi malesoni pulani awo amakhala olembedwa asanafunse a anzawo. Akalowa kukaonerera phunziro amakhala kumbuyo mwakachetechete, zolakwika amakanena ali awiri mu ofesi. Sadzudzula mphunzitsi pamaso pa ana. Mwayi wa semina ukabwera, poti kumeneko kuli kaalawansi, amatumiza anthu mosinthana, osati iwo okhaokha ndi okondedwa awo. Kanthu aka kamaoneka kakang'ono, koma kagawanitsa aphunzitsi m'sukulu zambiri kuposa nkhani ina iliyonse. Ndipo mphunzitsi wamng'ono wongochoka ku koleji, amene mwina wadikira zaka kuti alembedwe ntchito, samuponyera kalasi yovuta n'kumuiwala. Amamufunira pogona, amakamuonetsa kwa a mfumu, amamufunsa m'mene zikuyendera.

Oipa nawonso timawadziwa. Amakhala ku TDC ndi kuboma kuposa kusukulu, chidindo chili m'thumba. Msonkhano wa aphunzitsi amausandutsa ulaliki. Choipitsitsa, mphunzitsi akachimwitsa mwana wa sukulu amathamangira kukambirana ndi makolo mwachinsinsi kuti mbiri ya sukulu isaipe. Ameneyo wapalamula limodzi ndi wochimwitsayo, ndipo malo ake si mu ofesi.

Boma layambapo kuchitapo kanthu. Pulogalamu ya MERP, yothandizidwa ndi World Bank, yomwe inavomerezedwa mu 2021, inabwera ndi gawo lophunzitsa utsogoleri ahedi, achiwiri awo ndi aphunzitsi achizimayi. Ndi chiyambi chabwino, makamaka poti atsikana akumudzi amafunika kuona mayi atakhala pampando wa mu ofesi. Koma maphunziro a masiku ochepa odalira thandizo lakunja amatha pulojekiti ikatha. Unduna wa Zamaphunziro ukhazikitse kuti munthu aziphunzira kaye asanalandire makiyi, udindo uzibwera limodzi ndi giredi yake, ndipo lipoti la ahedi lokhudza mphunzitsi wojomba kapena wozunza ana liziyankhidwa msanga, osati ndi kusamutsa kokha.

Inu makolo a ku Migowi, ku Chiringa, ku Nkhulambe ndi kwina konse, msonkhano wa PTA ukaitanidwa teremu ino musatumize mwana kuti akakumvereni. Pitani nokha. Mukafunse za ndalama za SIG, inde, koma mukafunsenso ahedi kuti mu Sitandade 1 muli ana angati, ndipo aikamo aphunzitsi angati.